Tisawakhazike pansi agogo athu

Madzi akasefukira kwa Ndamera ku Nsanje, munthu amapulumuka ndi miyendo yake. Zinali choncho mu Januwale 2015, zinabwereza ndi namondwe wa Idai mu 2019 komanso Freddy mu Malichi 2023. Shire akadzaza, uyenera kudzuka pamphasa usiku, kuwoloka madzi a m'mawondo, kukwera m'bwato ndi kuyenda mpaka kumtunda. Amene amavutika kwambiri timawadziwa tonse: okalamba, makamaka amayi. Nanga bwanji nkhani yolimbitsa minofu tinaisiyira anyamata okha, aja onyamula zitini za simenti kuseri kwa golosale?

Ena ayankha msanga kuti mayi wa ku Nsanje safunika mafizo. Amalima kudimba, amasinja mapira, amasenza chigubu cha malita 20 kuchokera pamjigo, chomwe ndi makilogalamu 20 pamutu. Zoona. Koma ntchito imeneyi imalemetsa khosi ndi msana womwewo tsiku ndi tsiku, ndipo imakhala ndi polekezera. Zidzukulu zikangosinkhuka timati, "Agogo, khalani pansi, inu munagwira kale." Timati ndi ulemu. Komatu mnofu wosagwira ntchito umafota. Kufotaku kumayamba pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, n'kuthamanga akadutsa 60. Kwa amayi palinso china: akasiya kusamba, mafupa amayamba kupepuka. Gogo wotere akaterereka pamatope n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ulendo wake ndi wa ku chipatala cha pa boma, mwina mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ambiri sayendanso ngati kale.

Chotchinga chachikulu ndi pakamwa pathu. Mayi akayesa kunjuta n'kudzuka atanyamula mwala, amva kuti akukonzekera kumenya mwamuna wake. Gogo akaoneka wanyonga kuposa msinkhu wake, manong'onong'o a ufiti ayamba. M'dziko muno okalamba aphedwapo chifukwa cha mabodza otere, ndiye ndani angalimbe mtima kuchita masewera pabwalo anthu akuona?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena momveka mu 2020: munthu wamkulu aliyense azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera a mphamvu ndi oteteza kugwa masiku osachepera atatu. Izi sizilira jimu ya m'tauni. Kukhala pampando ndi kudzuka osagwira paliponse, kakhumi. Kukankha khoma ndi manja. Kukweza mabotolo awiri odzaza mchenga. Kuima ndi mwendo umodzi utagwira mtengo wa khonde. Zonsezi zimatheka ndi chitenje m'chiuno, mbandakucha, dzuwa la kuchigwa lisanayambe kulasa.

Dandaulo limodzi lokha ndi lomveka: njala. Munthu amene chilala chamufikitsa podya nyika za m'dambo sungamuuze kuti anyamule mwala. Minofu imamangidwa ndi chakudya: khobwe, nandolo, mlamba, dzira. Koma ngakhale chaka cha zokolola, tiyang'ane m'mbale. Nthuli yaikulu imapita kwa bambo, gogo n'kupatsidwa msuzi poti alibe mano. Nsomba imafewa ikapsa bwino, abale; mano asakhale chonamizira.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi ndi sikelo ya ana. Awonjezere mphindi khumi zophunzitsa agogo kudzuka pampando. Amayi a banki m'khonde ndi a m'magulu a mpingo amakumana sabata iliyonse; azichitira masewerawa pomwepo, poti pagulu palibe amene amasekedwa yekha. Mafumu adzudzule poyera wonyoza gogo wochita masewera monga amadzudzulira wakuba mbuzi. Ndipo makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, polemba mayina a okalamba oti adzanyamulidwe, adzifunse kuti ndi angati mwa iwowa angadzayende okha atayamba kulimbitsa miyendo lero.

Wodwala mtima, BP kapena mawondo otupa ayambe wafunsa kuchipatala. Ena tonsefe tileke kuwalanda agogo ntchito iliyonse, kenako n'kumadandaula kuti asanduka katundu.