Digiri ya zilankhulo ibweze mawu kumene inawatenga

Mwana wanu akabwera ndi buku la Cinyanja kucokera kusukulu, taonani mmene mawu alembedwera. Mupeza cinthu, cimanga, cifukwa, pamene anzathu a ku Malawi amalemba ndi ch. Kalembedwe kameneka kanagwirizanidwa pamisonkhano itatu ya mu 1988, 1999 ndi 2008, imene akatswiri a NELIMO a pa Universidade Eduardo Mondlane anali patsogolo pake. Anthu ogwira nchito yotere amaphunzira ukatswiri wa zilankhulo, ndipo ambiri amadzera mu digiri yaciwiri imene timaicha mestrado. Conco zimene mayunivesite amafuna kwa ophunzira amenewa zimakukhudzani inu, ngakhale simunapondepo pakhomo la yunivesite.

Mestrado imabwera munthu atamaliza licenciatura, ndipo imatenga caka ndi theka kapena zaka ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya maphunziro a m'kalasi. Wophunzira amaphunzira za kamvekedwe ka mawu, n'kumvetsa cifukwa cake mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma khutu limawasiyanitsa. Amaphunzira kapangidwe ka mawu, mmene kuphika kumabalira kuphikira, kuphikitsa ndi kuphikidwa. Amaphunzira kamangidwe ka ziganizo, cifukwa cimene timati munthu wabwera koma anthu abwera. Amaphunziranso za cilankhulo pakati pa anthu, monga nthawi imene mayi amasiya Cinyanja n'kuyamba Cipwitikizi akafika pacipatala, ndiponso njira zocitira kafukufuku.

Mbali yaciwiri ndi kafukufuku weniweniyo. Wophunzira amasankha funso limodzi, amalifufuza motsogozedwa ndi mphunzitsi wake, amalemba buku lochedwa dissertação, kenako amaliteteza pamaso pa oweruza. Bukuli kawirikawiri limalembedwa m'Cipwitikizi, cidule cake m'Cipwitikizi ndi m'Cingelezi, ndipo limakasungidwa kuyunivesite. Gogo wa ku Angónia kapena msodzi wa ku Lago amene anakhala masiku akuyankha mafunso sangathe kuwerenga zimene zinatuluka m'kamwa mwake.

Maganizo anga ndi akuti yunivesite iliyonse yopereka digiri imeneyi iike m'malamulo ake zinthu zitatu kwa wofufuza cilankhulo ca m'dziko muno. Coyamba, wophunzira akafike kwa eni cilankhulo, awafotokozere colinga cake m'cilankhulo cao, ndipo ajambule mawu pokhapokha atavomera. Caciwiri, alembe cidule ca masamba awiri kapena atatu m'cilankhulo cimene wafufuzaco, ndipo cidulecho ciwerengedwe pomupatsa digiri. Cacitatu, apereke cidulecho ku ofesi ya maphunziro ya boma limene anafufuzako, kusukulu yophunzitsa aphunzitsi ndiponso kuwailesi ya m'deralo.

Pali zifukwa zake. Ndime 9 ya Malamulo Aakulu a dziko a mu 2004 imati Boma limalemekeza zilankhulo zathu monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997 pansi pa PEBIMO, Cinyanja ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Mu 2003 nchitoyi inalowa m'sukulu za m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo lamulo la maphunziro nambala 18/2018 limaizindikira. Koma mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa ana amafuna zida. Amafuna kudziwa liwu loyenera pophunzitsa masamu, ndiponso cocita pamene liwu la m'buku likusiyana ndi limene ana a ku Milange amalankhula kunyumba. Mayankho ena ali kale m'mabuku a kafukufuku, pa mtunda wa makilomita opitirira 1500 kucokera ku Tete.

Ena adzati Cinyanja cilibe mawu ofotokozera sayansi ya zilankhulo. Mawu amabadwa anthu akamawafuna. Sukulu za ku Malawi zakhala zikuphunzitsa dzina, mneni, mfotokozi ndi muonjezi kwa zaka zambiri, ndipo ana amamva. Komanso wophunzira amene wakanika kufotokozera mphunzitsi wa pulaimale zimene wapeza, mwina sanazimvetse bwino iye mwini.

Ena adzati oweruza onse sadziwa zilankhulo zonse za m'dziko lino. N'zoona, ndipo buku lalikulu likhalebe m'Cipwitikizi kuti akatswiri a kwina aliwerenge ndi kulitsutsa. Cidule cokha n'cimene cikufunika munthu wodziwa cilankhuloco, ndipo aphunzitsi a m'makalasi a zilankhulo ziwiri angathe kuitanidwa kuti aciwerenge. Nkhani ya ndalama nayo ndi yomveka, cifukwa ambiri amadzilipirira okha maphunzirowa akugwira nchito. Ulendo wa kumudzi ndi wodula, conco mayunivesite ayenera kuuwerengera pokonza thandizo la ophunzira. Koma masamba atatu sangagwetse thumba la munthu, ndipo lero amatha kutumizidwa pafoni.

Inunso muli ndi gawo lanu osadikira kuti malamulo asinthe. Wophunzira akafika pamudzi panu ndi makina ojambulira mawu, mulandireni, cifukwa nchito yake ingathandize zidzukulu zanu. Koma musanayankhe, mufunseni kuti mawuwo akupita kuti, adzawamva ndani, ndipo adzabwera liti kudzakuuzani zimene wapeza. Muli ndi ufulu wokana kujambulidwa, ndiponso wopempha kuti dzina lanu lisalembedwe. Mafumu ndi makomiti a sukulu alembe dzina la yunivesite ndi la mphunzitsi womutsogolera, kuti caka cikatha popanda yankho adziwe kokafunsa.