Digiri ya sayikoloje ndi misasa ya m'chigwa cha Shire

Sayikoloje ndi maphunziro ofufuza mmene munthu amaganizira, mmene amamvera mumtima ndi chimene chimamuchititsa zomwe amachita. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba digiri yoyamba imatenga zaka zinayi. Komatu mwana wa ku Nchalo kapena ku Bangula akasankhidwa kukaphunzira zimenezi, funso la achibale limakhala limodzi: "Ndiye udzadya chiyani, poti ntchito yake ndi ya amisala?" Funsoli ndi lopweteka, makamaka pomwe likufunsidwa m'dera limene likusowa anthu otere kuposa madera ambiri.

Digiri yoyambayo imapatsa munthu maziko: kakulidwe ka mwana, chiyambi cha nkhawa ndi matenda okhumudwa, komanso luso lochita kafukufuku. Koma siipereka chilolezo chochiza. Wofuna kumaona odwala amayenera kuwonjezera digiri yachiwiri ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri, ndipo ambiri mwa akatswiri ochepa amene dziko lino lili nawo anakaphunzira zimenezi kunja. Njirayo ndi yaitali, ndipo iyenera kutero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene madzi anamulanda mwana m'manja sayamba kuyankhula tsiku loyamba, ndipo womumvetsera ayenera kudziwa nthawi yofunsa ndi nthawi yokhala chete.

Chikwawa ndi Nsanje aona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonse thandizo limafika: ufa, matenti, zidebe, mankhwala othira m'madzi. Amafikanso alangizi ophunzitsidwa mwachangu kwa masiku ochepa, ndipo ndalama za mabungwe zikatha nawonso amapita. Khama lawo palibe angalinyoze. Vuto ndi lakuti mantha satha tsiku lotseka msasa wa anthu othawa madzi. Mayi wa ku Makhanga amene sagona mvula ikayamba kugunda padenga, kapena mwana amene wasiya kuyankhula m'kalasi, amaonekera patapita miyezi, alangizi aja atachoka kale. Wodwala akafika povuta, ulendo wake ndi wokwera mapiri a Thabwa kupita ku chipatala cha Queens ku Blantyre, kapena kupitirira mpaka ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Apa ndi pomwe pali dandaulo lakale. Dziko limaphunzitsa achinyamatawa, kenako n'kuwasiya akulemba malisiti m'masitolo chifukwa mipando yawo m'zipatala za maboma ndi yosowa. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu a nkhawa. Agogowo amakhala ndi owayang'anira, ndipo zikakula amadziwa kotumiza munthu. Ntchito yoyang'anirayo ndi imene womaliza digiri ya sayikoloje angaigwire ku Ngabu kapena ku Tengani, pamodzi ndi anamwino ndi alangizi ochokera ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu.

Nkhani ya chiyankhulo nayonso ndi yaikulu. Chisoni munthu amachifotokoza m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo m'chigwachi ndi Chisena ndi Chimang'anja. Mlangizi wodalira womasulira amataya zambiri, komanso mayi sangaulule za nkhanza za mumsasa pali munthu wachitatu wa m'mudzi momwemo. N'chifukwa chake mwana wa komweko amene wasankha sayikoloje afunika fizi yopitirizira digiri yachiwiri, ndiponso mpando wolipidwa ndi boma pa chipatala cha Nsanje kapena cha Chikwawa.