Mpatseni mpila Reed Sheppard, alakwitse

Mu September 2025, kutatsala mwezi umodzi kuti sizoni ya NBA iyambe, Fred VanVleet anaduka mtsempha wa m'bondo uja amati ACL. Wovulala conco amakhala panja pafupifupi caka cathunthu. Houston Rockets, timu imene inali itangotenga kumene Kevin Durant kuti ikamenyele cikho, inatsala ilibe woyendetsa mpila wodalilika. Maso onse anatembenukila kwa Reed Sheppard, mnyamata wa zaka 21 pa nthawiyo, ndipo nyimbo imene inabuka inali imodzi: "Ayambe waonetsa kuti ni woyenela. Mamineti sapatsa cabe, munthu amacita kuwakhetsela thukuta."

Mau amenewa amamveka anzelu, koma pa nkhani ya point guard ni cinyengo. Kodi adzaonetsela kuti? Pa benchi?

Tiyeni tione zimene zinacitika. Houston inasankha Sheppard pa namba 3 mu draft ya 2024. Ku yunivesiti ya Kentucky, pa ma three 100 alionse amene anaponya, 52 anali kulowa. Amene munagwilako mpila pa bwalo la simenti mudziwa kuti ici si camasewela. Atafika mu NBA, anamupatsa mamineti 12 cabe pa gemu, mwa mamineti 48, ndipo anali kupanga mapointi 4. Ena apa anaweluza kale kuti mwana uyu ni mbola. Koma mu January 2025 atamutumiza ku G League, ligi ya pansi, gemu yake yoyamba anathila mapointi 49. Mu March, akulu-akulu a timu atapumula, anamuyambitsa gemu kwa nthawi yoyamba, motsutsana na Oklahoma City Thunder, timu imene inadzatenga cikho caka comweco. Anapanga mapointi 25. Patangopita masiku ocepa anathyoka cala cacikulu ca kumanja, ndipo mpata unatsekeka. Manje niuzeni: Sheppard weniweni ni uti, wa mapointi 4 kapena wa 25? Munthu ni mmodzi. Cimene cinasintha ni cakuti tsiku limenelo anadziwa kuti akaphonya kawili sadzam'cotsa.

Nchito ya point guard siili monga ya ena. Woponya akhoza kukhala yekha mu jimu n'kuponya mipila 500 mpaka dzanja lizolowele. Wamtali wa pansi pa ling'i akhoza kulimbitsa thupi na zitsulo. Koma point guard ni dalaivala. Afunika kudziwa kuti Durant amakonda kulandilila pati mpila, kuti Alperen Sengun akaimilila kum'chingila mdani adzathamangila mkati kapena adzatsala kunja, kuti anthu awili akamuunjilila mnzake womasuka ali kona iti. Zonsezi amaziwelenga mu sekondi imodzi, koloko ya masekondi 24 ikutsika, mdani wautali manja akum'pumila m'khosi. Maso amenewa sagulidwa ndipo saphunzilidwa pa vidiyo. Amabwela ukataya mpila kambili-mbili pamaso pa anthu, n'kubwelela mawa lake mpila ukali m'manja mwako. Kumuuza kuti ayambe waphunzila ndiye apatsidwe mamineti n'cimodzimodzi na zilengezo zija za nchito zimene zimafuna munthu wongotsiliza kumene koleji koma wa luso la zaka 5. Ambili a inu mwaziwelengapo, ndipo mudziwa mmene zimapwetekela.

Coseketsa n'cakuti munthu amene onse akumulila, VanVleet, ndiye umboni wanga woyamba. Mu 2016 palibe timu imene inamusankha mu draft. Ku Toronto caka cake coyamba anali kupanga mapointi osakwana 3 pa gemu, uku akum'tumiza ku ligi ya pansi. Caka caciwili anamupatsa mamineti 20 osam'dodometsa, ndipo mu 2019 anathila mapointi 22 mu gemu imene Toronto inatengela cikho kwa Golden State. Steve Nash, uja anabadwila ku Johannesburg, anayamba na mapointi 3 pa gemu ku Phoenix, atabisika kumbuyo kwa Jason Kidd na Kevin Johnson. Anadzakhala MVP kawili, mu 2005 na 2006. Darius Garland caka cake coyamba ku Cleveland anali kucita manyazi eni-eni, koma sanam'cotse. Anaseweza mamineti 30 gemu na gemu, ndipo mu 2022 anali All-Star.

Nidziwa yankho lanu, ndipo si lopusa. Cleveland ya Garland inali kuluza kale, inalibe cotaya. Houston inapambana magemu 52 mu sizoni ya 2024-25 n'kukhala yaciwili ku West. Durant anakwanitsa zaka 37 mu 2025, sangayembekezele mwana akule. Ndiponso kochi Ime Udoka ni munthu wa difensi: ngati sukwanitsa kuchinga, ukhala pansi. Sheppard ni wamfupi pa muyeso wa NBA, ndipo matimu ocenjela adzam'sakasaka, kum'kokela kwa wosewela wawo wamphamvu mobweleza-bweleza mpaka kochi atope. Zonsezi n'zoona.

Koma onani bwino timu imeneyi. Kuti atenge Durant anapeleka Jalen Green na Dillon Brooks ku Phoenix. Tikaphatikiza VanVleet, ndiye kuti anthu atatu amene analowetsa ma three ambili mu sizoni ya 2024-25 palibe. Kale-kale vuto la Houston linali lomweli: amphamvu pa ma rebound, olimba pochinga, koma mpila ukaima pa hafu ya adani, zigoli zinali kusowa. Golden State inawagwilila pamenepo n'kuwacotsa mu gemu ya 7 ya laundi yoyamba ya ma playoffs, Sheppard akuonelela atavala jekete. Ena akuti mpila apatsidwe Amen Thompson. Thompson ni cilombo, mu 2025 anasankhidwa mu gulu loyamba la ochinga bwino mu NBA yonse, koma akaima kunja kwa mzele wa three adani samuopa. Amam'siya dala n'kukaunjikana pa Durant na Sengun. Sheppard sangam'siye conco. Ndipo ngati pali timu imene ingabise mnyamata wamfupi pa difensi, ni iyi yodzala na anthu atali-atali. Iye mwini si dzanja lalemba: ku Kentucky anali kulanda mipila yopitilila iwili pa gemu.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu akonda kuponyela Sheppard mwambi umenewu. Ine niuponyela a Udoka. Mnyamatayo wadekha caka cathunthu. Manje kudekha kufunika kwa kochi, pamene mwana wataya mpila katatu mu kota yoyamba ndipo dzanja likunyeleza kuti aitane wina. Sizoni ili na magemu 82, kuyambila October mpaka April. Timu ya Durant na Sengun siingalephele ma playoffs cifukwa ca magemu asanu amene point guard wacicepele angawononge mu November. Koma ikam'sunga pa benchi kuti ipulumutse magemu asanuwo, idzafika mu April na mnyamata amene sanayendetsepo timu gemu ili yothina, ndipo idzam'funa tsiku lomwelo.

Sinikulonjeza kuti Sheppard adzakhala Nash. Akhoza kupatsidwa mpata n'kulephela, zimacitika. Ngati n'telo, Houston ifunika kudziwa ici mu January, msika wosinthana osewela usanatseke mu February, kuti ikafune wina nthawi ikalipo. Ngakhale inu amene mum'kayikila mufunika cinthu comweci cimene ine nifuna: mamineti 28 kapena 30 pa gemu, kwa miyezi itatu, osam'cotsa akalakwitsa koyamba. Anamusankha pa namba 3 ni iwo eni, palibe anawakakamiza.