Nkhani ya matenanti a fodya ilowe m'kalasi ngati sewero

Ndemanga ya lero ikutitengera ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Kaluluma, kumene msewu wa M1 umadutsa pakati pa minda ya fodya.

Mwana wa kusekondale kumeneko akhoza kukufotokozerani bwinobwino za Macbeth: amene anapha mfumu Duncan, ndi zimene afiti atatu aja analosera. Koma mukamufunsa chimene chinachotsa agogo ake ku Mulanje kapena ku Phalombe kudzakhala pa esiteti ya fodya kuno, mwina angokuyang'anani. Shakespeare, mlembi wa sewero la Macbeth, tilibe naye mlandu. Chotidetsa nkhawa ndi chakuti m'makalasi ambiri sewero lasanduka manotsi oloweza pokonzekera mayeso a Maneb, pomwe mwini wake analilembera anthu oimirira, oyenda, okalipirana.

Sikuti Amalawi ntchito ya zisudzo sitiidziwa. Mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM unayamba mu 1969, ndipo ndi kumeneko kumene katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr anaonekera ali mwana wa sukulu ku HHI mu mzinda wa Blantyre, asanayambitse gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987. Mu 1976 James Gibbs anasonkhanitsa masewero m'buku la Nine Malawian Plays. Steve Chimombo anatenga mbiri ya M'bona wa ku Khulubvi ku Nsanje n'kuumba nayo The Rainmaker, kenaka analemba Wachiona Ndani? m'Chichewa. Masiku amenewo lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linali lolusa, moti alembi ankabisa mawu awo m'nthano ndi m'mbiri yamakedzana. Lero palibe wotitseka pakamwa, komabe mbiri ya dzulodzuloli sitikuisewera.

Mbiri ya ku Nkhamenya ndi ya fodya. Chisanafike chaka cha 1990, mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale payekha. Unali wa eni maesiteti okhala ndi chilolezo. Mabanja ankabwera pa malole kuchokera kummwera kudzagwira utenanti. Ankapatsidwa chimanga, feteleza ndi makasu pangongole, n'kumadikira kuti fodya akagulitsidwa aone chotsala. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito, koma amene anaukhalamo alipo, ndipo ena ndi makolo a ana amene ali m'kalasi lero.

Taganizani mphunzitsi wa mbiri ya dziko atauza ana kuti akankhire madesiki kukhoma. Pakati pa kalasi pasanduka chigafa. Mtsikana wina wamanga chitenje m'chiuno, akusoka fodya, mwana ali kumbuyo. Mnyamata ndi kapitawo, wanyamula kope la ngongole, akuwerenga mokweza: matini a chimanga a mu Januwale, mchere, sopo, ndalama ya kuchipatala pamene mwana anadwala malungo. Tenanti waima chapatali, chipewa chili m'manja, akuyembekeza kumva ngati chaka chonse chamusiyira kanthu. Kapitawo akatseka kope lija, mphunzitsi aimitse sewero n'kufunsa kalasi: bamboyu abwerera bwanji kwawo? Ndani anaika mitengo ya zinthuzi? Lamulo linkati chiyani?

Ndipo mwini esiteti asamusandutse chilombo. Nayenso apatsidwe mpata wake: ngongole ya kubanki ikumudikira, mabelo ake abwezedwa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, mtengo wagwa. Mwana amene wasewera mbali zonse ziwirizi wamvetsa zinthu zimene ndime imodzi ya m'buku singamuuze. Ndiponso kuti asewere bwino, ayenera kukakhala pansi ndi agogo ake madzulo n'kuwafunsa. Pamenepo wayamba kale ntchito ya wofufuza mbiri. Maina a anthu asinthidwe, poti ena mwa iwo akali moyo ndipo amakumana pamsika.

Chiyankhulo chisatipinge. Ku Nkhamenya Chichewa ndi Chitumbuka zimayendera limodzi, ndipo m'zithando za pa esiteti munkamvekanso Chilomwe ndi Chiyao. Tenanti wa m'sewero ayankhule monga ankayankhulira. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College litapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, linasiya Chingerezi n'kupeka masewero pa mavuto a anthu a komweko m'chiyankhulo chimene iwo ankamva. Timadziwa zimenezi chifukwa Chris Kamlongera ndi David Kerr anazilemba m'mabuku.

Apa ndi pamene tikufuna kutsindika. Chaka ndi chaka ana athu amasewera masewero abwino m'mipikisano, anthu n'kuomba m'manja, chikho n'kupita mu ofesi ya ahedi. Koma mapepala a sewero lija amathera m'chikwama cha mphunzitsi, ndipo iye akasamutsidwa, sewero lasamuka naye. Mwa masewero ochuluka amene aseweredwa chiyambire 1969, amene anafika posindikizidwa ndi owerengeka.

Choncho pempho lathu kwa aphunzitsi a ku Nkhamenya ndi m'madera onse a fodya ndi ili: sewero lililonse lilembedwe m'kope lolimba, ndi chaka chake, mudzi kumene nkhaniyo inachokera, ndi kalasi imene inalipeka, ndipo kopelo likhale m'laibulale ya sukulu. A Malawi Institute of Education ku Domasi pamodzi ndi osindikiza mabuku atumize anthu kukasonkhanitsa makope oterewa boma ndi boma, asankhe abwino, awasindikize m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa mtengo umene sukulu yoyendera ya kumudzi ingathe kugula.