Jordan yatsopano ndi yotchenera, si yosewerera

Air Jordan 3 inatuluka mu 1988, ndipo Michael Jordan ankaseweradi nayo basketball. Masiku ano Nike imapanganso nsapato yomweyi. Akuluakulu ena amadandaula kuti chikopa chake sichifika pa chakale chija. Mwina akunena zoona, koma ya 1988 mungaivale lero? Pansi pake pali siponji ya polyurethane imene imanyenyeka ikakalamba, ngakhale nsapatoyo ikhale m'bokosi osavalidwa. Kungoponda kamodzi, basi yatha!

Ndiye ine ndingasankhe yatsopanoyo. Koma pabwalo ayi ndithu, anzanga. Kapangidwe kake n'kakalekale, ndipo ndi yolemera kuposa nsapato zambiri zamasewera za lero. Ngati muli m'timu ya kusukulu, pemphani amayi akugulireni yopepuka. Jordan muzitchenera Loweruka.