AI ingayankhe mafunso, koma singazonde wodwala

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mwaonapo dzina loti Meta AI pa WhatsApp, kapena mwamva ana akutchula ChatGPT. Amenewa ndi mapulogalamu a kompyuta omwe anaphunzitsidwa ndi zolembalemba zambirimbiri, ndipo ukawafunsa amalumikiza mawu n'kuyankha ngati munthu. Ena akuti ndi chilombo cha masiku otsiriza, ena akuwakhulupirira kuposa adokotala. Ine ndikuti onsewa aphonya.

Mpingo sunakhale chete. Mu Januwale 2025, Vatican inatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chophunzitsa kuti AI ndi chipatso cha nzeru zimene Mulungu anapatsa munthu, koma iyo si munthu ayi. Papa Leo XIV nawo anafotokoza kuti anasankha dzinali pokumbukira Papa Leo XIII, omwe mu 1891 anaikira kumbuyo anthu apantchito pamene makina a m'mafakitale ankasintha dziko. Choncho tisaiope AI, komanso tisaigwadire.

Pa zaumoyo m'pofunika kusamala kwambiri. AI imatha kuyankha zolakwika mosaphethira, ndi mawu okoma ndithu. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana akatentha thupi, foni singamuyeze malungo. Thamangani naye kuchipatala. Amene akumwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV asasiye kapena kusintha kamwedwe chifukwa cha zomwe yanena foni. Funsani anamwino.

Tisamalenso ndi zomwe timatumizirana m'magulu athu a WhatsApp. Mu 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma chinazungulira dziko lonse, chonsecho chinali chopangidwa ndi AI. Lero ngakhale mawu a munthu amatha kukopedwa. Mukalandira uthenga wa mawu wopempha ndalama, kaya ukumveka ngati wa mwana wanu kapena wa bambo mfumu, aimbireni kaye. Ndipo kumwaza nkhani yomwe simunatsimikize kumakhudza lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama.

Ana athu aigwiritse ntchito pophunzira, osati kuti iziwaganizira. Mavuto a m'banja ndi olemetsa mtima tisawaululire foni kusiya alangizi, amayi anzathu ndi sakramenti la kulapa.

AI singaphikire wodwala phala, singamusambitse, singagone pa maliro. Ntchito zimenezi Mulungu anaziika m'manja mwathu. Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu, kambiranani nkhaniyi, kenako sankhani khomo la wodwala loti mukacheze sabata yomweyo.