PA KANEMA WATHU: Tsotsi, mnyamata wa ku Joni



Mwezi wathawu tidakhala pa benchi m'kanyumba kena koonetsera mavidiyo ku Balaka, pakati pa anyamata ambiri omwe mitima yawo ili kale pa basi ya ku Joni, ndipo tidaonera Tsotsi. Filimuyi ndi ya ku South Africa, idatuluka mu 2005, adaikonza ndi Gavin Hood kuchokera m'buku la Athol Fugard, ndipo mu 2006 idapata mphotho ya Oscar. Yemwe adasewera ngati Tsotsi, Presley Chweneyagae, adamwalira mu 2025 ali ndi zaka 40 zokha.

Nkhani yake ndi iyi. Tsotsi ndi mtsogoleri wa kagulu ka mbava m'makomboni a Johannesburg. Poyambirira penipeni kaguluka kakubaya bambo wina m'sitima yodzaza anthu chifukwa cha envulopu ya ndalama. Apa m'kanyumbamo mudamveka mluzu ndi kuseka, ndipo ife zidatiwawa, pakuti bambo woteroyo angathe kukhala mlamu wanu yemwe amatumiza ndalama ya feteleza ku Nsanama.

Usiku wina Tsotsi akuombera mayi pa geti la nyumba yake nathawa ndi galimoto, osadziwa kuti kumpando wa kumbuyo kuli khanda. Kuyambira pamenepo filimu isintha. Chigawenga chija chikulinyamula khandalo m'chithumba cha pepala, kuliveka nyuzipepala m'malo mwa thewera, kulipatsa mkaka wa m'chitini mpaka nyerere kulizinga kukamwa. Posowa chochita chikuopseza ndi mfuti mayi wamasiye, Miriam, kuti aliyamwitse. Terry Pheto adasewera bwino zedi pamenepa: sakuwa, salalata, angolisambitsa khandalo ndi kuliyankhula mofatsa, ndipo Tsotsi akumbukira amayi ake omwe adawasiya ali gone pa mphasa ya matenda pamene adathawa nkhanza za bambo ake.

Chomwe chidatikhudza koposa ndi bambo wa pa njinga ya olumala, wopemphetsa pa siteshoni, yemwe miyendo yake idaphwanyikira mu mgodi. Agogo athu a Wenela ndi Teba akamuona adzapukusa mutu, chifukwa anzawo otere adawasiyadi kumeneko.

Pena filimuyi yatifewetsera zinthu. Kodi munthu wozolowera magazi angasinthe m'masiku ochepa chotere? Tikukayika. Komabe tiyamikire kuti sadamupange ngwazi monga achitira mafilimu a zigawenga a ku America. Mayi adaomberedwa uja sadzayendanso, ndipo kulapa kwa Tsotsi sikudamubwezere miyendo. Iye abweza mwana yekha pa geti lomwe lija, misozi ili mbwembwembwe, apolisi atamuzinga, nakweza manja m'mwamba.

Makolo, iyi si filimu ya ana a pulayimale ndi a ku madrasa: muli kutukwana, mowa ndi kuphana. Koma ngati muli ndi mnyamata yemwe wayamba kufunsa za pasipoti, khalani naye pansi muonere limodzi. Pamapeto pake m'kanyumba muja simudamvekenso mluzu. Mnyamata wina adangofunsa mwini vidiyo ngati pali gawo lachiwiri, ndipo adamuyankha kuti palibe.